Utsi wa Galimoto ndi Chitini Chochepetsa Ululu Wake

Nkhani yokambidwa kwa aphunzitsi ndi anthu a m'midzi.

Masiku ano magalimoto achuluka, ndipo afika ngakhale kumidzi kumene kale kunkangoyenda ngolo ndi njinga. Chifukwa chake kuli koyenera kuti munthu aliyense adziwe za utsi umene magalimotowa atulutsa.

Injini ikamatentha petulo, mu utsi wake mumakhala zinthu zitatu zoipa. Choyamba ndi mpweya wotchedwa carbon monoxide. Mpweya umenewu ulibe fungo ndipo suoneka, koma umapha. Ndi womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Chachiwiri ndi petulo wosapsa bwino. Chachitatu ndi mipweya ya nitrogen oxides, imene imapweteka m'chifuwa ndi kuutsa mphumu.

Kunsi kwa galimoto, pa paipi yotulutsa utsi, pali chitini chachitsulo chimene dzina lake ndi catalytic converter. M'kati mwake muli dongo lowotcha la timabowo tambirimbiri monga chisa cha njuchi, ndipo m'timabowomo anapakamo zitsulo zitatu za mtengo wapatali: platinum, palladium ndi rhodium. Ntchito ya zitsulozi ifanana ndi ya ankhoswe, amene amagwirizanitsa anthu awiri koma iwo eni osalowa m'banjamo. Utsi ukamadutsa, zitsulozi zimakumanitsa carbon monoxide ndi petulo wosapsa uja ndi oxygen, ndipo zimasanduka carbon dioxide ndi nthunzi ya madzi. Nayo nitrogen oxides imaphwanyidwa nkutsala nitrogen ndi oxygen, mipweya imene anthu apuma tsiku ndi tsiku. Komatu chitinichi chimagwira ntchito chikatentha kwambiri, kotero galimoto yongoliza kumene imatulutsabe ululu wambiri.

Mmodzi wa anthu oyamba kupanga chipangizo chotere anali Eugene Houdry, katswiri wobadwira ku France, ndipo magalimoto ambiri atsopano a ku America anayamba kukhala nacho mu 1975. Platinum wambiri wa dziko lonse lapansi amakumbidwa ku South Africa, wina ku Russia ndi ku Zimbabwe.

Mdani wamkulu wa chitinichi anali mtovu umene unkathiridwa mu petulo, pakuti umamata zitsulo zija ndi kuzipha mphamvu. Maiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara analeka petulo wa mtovu pofika mu 2006, ndipo dziko lotsiriza kuleka pa dziko lonse linali Algeria, mu 2021.

Lero adani ndi ena. Alipo anthu amene amadula chitinichi kapena kuswa dongo la m'kati kuti akagulitse zitsulo zake. Ndalamazo zimatha msanga, koma utsi umatsalira amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu ndi ana oyenda pansi kunka kusukulu. Komanso injini yonyeketsa oyilo kapena yosatentha bwino petulo imaononga chitinichi, motero iyenera kupita kwa makaniko msanga.

Munthu wogula galimoto yogwirapo kale ntchito ayambe wafunsa ngati chitinichi chilipo. Ndipo ngakhale chilipo, asalize injini m'nyumba yotseka. Aphunzitsi apemphedwa kufotokozera ana zimenezi, pakuti mwa iwo mudzatuluka madalaivala ndi amakaniko a mawa.