Mankhwala a Mafupa ndi Cilungulira

Mwana wogwira nchito ku migodi ya Kitwe kapena Mufulira akalandira mau akuti amai ace ku Katete athyoka fupa la m'ciuno pongoterereka, mtima umamuuluka. Nthendayo nja mafupa ofumbwa, monga mtanda wodyedwa ndi ciswe, ndipo imagwira makamaka akazi amene analeka kusamba.

Ena mwa mankhwala ace ndiwo alendronate, amene anayamba kuperekedwa ku America m'caka ca 1995. Kambulu kamodzi ka mamiligalamu 70 kamamwedwa kamodzi pa sabata. Ngabwino ndithu, koma ngaukali. Kambuluko kakaima pa m'mero kamaocha ngati khala, ndipo munthu amamva cilungulira, mseru, kapena kupweteka pomeza. Ambiri amangoleka osauza munthu, mafupa napitirira kufumbwa.

Kamwedwe kace nkotere. Wodwala amwe m'mamawa asanalawe kanthu, ndi kapu yodzaza ya madzi okha. Tiyi, mkaka, thobwa kapena phala zimatsekereza mankhwalawa, pakuti ngakhale m'mimba yopanda kanthu, olowa m'thupi sakwana gawo limodzi mwa 100. Asatafune, asabwererenso pamphasa. Akhale tsonga kapena aimirire kwa mphindi 30.

Pamenepa mpamene pagona bvuto. Nchito ya m'mawa ya nkhalamba ya ku Sinda kapena ku Vubwi njowerama yokhayokha: kusesa pabwalo, kusonkha moto, kutsuka mbale, kupalira. Kuwerama kumabweza zowawa za m'mimba ku m'mero monga momwe kugona kumacitira. Ndipo mai wa Cicewa saona cabwino kukhala manja lende dzuwa litaturuka. Amaopa kuchedwa waulesi. Nkwabwino kuti mwana polankhula nao awauze kuti, “Amama, tsiku la mankhwala mdzukulu asese, inu mukhale pampando muzitongola cimanga.”

Mankhwala a zowawa onga aspirin, ibuprofen ndi diclofenac, amene ana amakonda kutumiza kwao, nawonso amakanda m'mimba. Kuwaphatikiza ndi alendronate nkuthira tsabola pa cironda. Ngati kumeza kwayamba kupweteka, kapena cimbudzi cada bii, wodwala aleke kumwa napite msanga kwa dotolo, ku cipatala ca St Francis ku Katete kapena cina capafupi. Alipo mankhwala ena, zoledronate, olowetsedwa mu mtsempha kamodzi pa caka, osadzera ku m'mero. Dotolo ndiye anganene ngati ali oyenera ndi kumene apezeka.