Lamulo lilipo, nanga mlonda ali kuti?

Ndikufuna tikambirane za sitima za pamtunda za ku America, chifukwa nkhani yake ikutikhudza.

M'chaka cha 1971 boma la America lidayambitsa kampani ya Amtrak kuti izinyamula anthu, popeza makampani a njanji ankadandaula kuti ntchitoyi ikungowadyera ndalama. Koma njanji zambiri zidatsala m'manja mwa makampani omwewo, onyamula katundu. Choncho Amtrak imachita kusainirana nawo mapangano ndi kulipira kuti sitima zake zidutse. Tsono wolamula kuti sitima iyi ipite, iyo iyime, ndi mwini njanji.

Aphungu a dzikolo adaliona vutoli. Mu 1973 adakhazikitsa lamulo loti sitima ya anthu izikhala patsogolo, ya katundu izidikira. Lamulo labwino ndithu! Koma mphamvu zotengera kukhoti wophwanya lamuloli adazipereka ku unduna wa zachilungamo wokha. Undunawu udasumira kampani ya Southern Pacific mu 1979, kenaka udangoti zii zaka 45, mpaka mu 2024 pamene udasumira Norfolk Southern chifukwa chochedwetsa sitima ya Crescent, yoyenda pakati pa New York ndi New Orleans.

M'zaka zimenezi sitima za katundu zidanka zitalikiratalikira, moti zina sizikwananso pa kanjanji kapambali kopatukirapo. Zikakumana ziwiri, yopatuka ndi kudikira imakhala ya anthu.

Mu 2008 aphungu adapatsa bungwe la Surface Transportation Board mphamvu zofufuza sitima zochedwa kawirikawiri. Mu 2023 bungweli lidayamba kufufuza za Sunset Limited, sitima yomweyo imene idabutsa mlandu wa 1979.

Abale anga, ngati izi zikuchitika m'dziko limene demokalase idazika mizu, nanga kwathu kuno? Mu 1999 boma lathu lidapereka njanji za Malawi Railways m'manja mwa kampani ya Central East African Railways. Mayi wokwera sitima pa Limbe kapena pa Balaka ali ndi ufulu wodziwa zimene mapangano otere amanena za iye. Ndani amawerenga masiku amene sitima yachedwa? Ndani amalanga wophwanya pangano? Aphungu athu afunse zimenezi m'Nyumba ya Malamulo, mayankho amveke poyera.

Ulamuliro wa chipani chimodzi udatizoloweza kuopa kufunsa. Tidaukana pa referendamu ya 1993. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Okwera sitima ndife, tisadikire wina kutifunsira.