Mlandu Suola: Cifukwa Cace Woweruzidwa Kunyongedwa Anali Kucita Apilo

Kumidzi anthu ambiri anali kudabwa kuti munthu woweruzidwa kunyongedwa anali kukhala zaka zambiri m'ndende ya Mukobeko ku Kabwe osaphedwa. Ena anali kunena kuti Boma linyengerera zigawenga. Koma kucedwa kumeneku kunali kwa lamulo, pakuti woweruza nayenso ndi munthu, angathe kuphophonya.

Milandu ya imfa inali itatu: kupha munthu, kuukira Boma, ndi kulanda katundu ndi mfuti. Milandu yotere sinali kuweruzidwa pa bwalo la mfumu, koma ku High Court kokha, ndipo wosauka anali kupatsidwa loya wa Boma. Akatsutsidwa, anali ndi danga lopita ku Supreme Court, kumene oweruza ena anali kupendanso umboni wonse. Apilo isanathe, munthuyo sanali kunyongedwa. Ngakhale apilo itakanika, nkhani yace inali kupita kwa Mtsogoleri wa Dziko ndi bungwe lomlangiza za cifundo.

Phindu la njira imeneyi linaoneka poyera. M'caka ca 1983 Bambo Valentine Musakanya, amene kale anali mkulu wa Bank of Zambia, anaweruzidwa kunyongedwa pamodzi ndi Bambo Edward Shamwana ndi ena pa mlandu woukira Boma. M'caka ca 1985 Supreme Court inapeza kuti umboni umene unamangitsa Bambo Musakanya sunali woyenera kulandiridwa, ndipo anamasulidwa. Apilo ya Bambo Shamwana inakanika; iwo anatuluka m'caka ca 1990 atakhululukidwa ndi Pulezidenti Kenneth Kaunda.

Cimodzi-modzinso asilikali amene anafuna kulanda Boma m'caka ca 1997. Asilikali 59 anaweruzidwa kunyongedwa m'caka ca 1999. M'caka ca 2003 Supreme Court inamasula 10 mwa iwo, ndipo m'caka ca 2004 Pulezidenti Levy Mwanawasa anasintha cilango ca ena 44 kukhala ukaidi. Cingwe cikadafulumira, anthu 10 aja akadafa, ndipo khoti likadapeza colakwa cace iwo ali kale m'manda. Madzi akatayika saoleka.

M'Zambia munthu ananyongedwa kotsiriza m'caka ca 1997, ndipo pa 23 December 2022 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo locotsa cilango ca imfa pa milandu imeneyi. Komabe apilo ilipo, pakuti kukhala m'ndende moyo wonse popanda cifukwa nakonso ndi kutaya munthu.

Tsono banja limene mbale wace watsutsidwa pa mlandu waukulu lisangokhala pansi kulira. Masiku ocitira apilo ndi owerengeka. Lifulumire kukaonana ndi loya, kapena a Legal Aid Board ngati liribe ndalama, kuti mlanduwo ukamvedwenso.