Ululu ndi Mantha Zili ndi Mankhwala Ake M'thupi: Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsekera Maphunziro a Osamalira Odwala M'makomo

Wotsogolera mwambo uno,
A Gogo Chalo, pamodzi ndi magulupu ndi anyakwawa onse,
Oimira a Bwanamkubwa wa boma lino,
Mkulu wa zaumoyo m'boma lino, madokotala, anamwino ndi alangizi a zaumoyo,
Abusa, ansembe ndi mashehe,
Aphunzitsi amene mwaongolera maphunzirowa,
Inu eni tsiku lalero, amene mwadzipereka kusamalira odwala m'makomo,
Amayi ndi abambo,



Poyamba ndithokoze komiti yokonza mwambo uno pondipatsa ulemu woti ndilankhule pamaso pa mafumu ndi makolo athu. Ndithokozenso mabanja a ophunzirawa. Pamene iwo adali m'kalasi, wina amakatunga madzi m'malo mwawo, wina amapita kudimba, wina amalera ana. Satifiketi imene alandire lero ndi yanu nonse.

Inu amene mwamaliza maphunziro, ntchito imene mwavomera ili ndi mbali ziwiri. Yoyamba mudzaigwira m'nyumba, mutakhala pamphasa pambali pa mayi amene akubuula ndi khansa, bambo amene ziwalo zidafa, kapena gogo amene mafupa amamuphwanya usiku wonse. Yachiwiri mudzaigwira pabwalo, kutchalitchi, kumzikiti ndi kusikelo, mutaimirira pamaso pa khamu. Aphunzitsi anu andinong'oneza kuti yoyambayo ambiri simukuiopa, koma akangoti "imirirani mulankhule," mawondo amagwedera. Uthenga wanga lero ndi umodzi: zimene zimapepuza ululu wa wodwala ndi zomwezo zimene zimakhazika pansi mtima wa wolankhula, ndipo Namalenga adaziika kale m'thupi mwathu.

Dzina la David Livingstone tonse timalidziwa. M'chaka cha 1844, asanafike kuno kwathu, adagwidwa ndi mkango pamalo otchedwa Mabotsa, m'dziko limene lero ndi South Africa. Mkangowo udamuluma paphewa n'kumuphwanya fupa la mkono wamanzere. Pambuyo pake iye adalemba kuti panthawi imene chilombocho chidali pa iye, sadamve ululu kapena mantha, ngakhale amaona zonse zimene zimachitika. Padapita zaka zoposa 100 akatswiri asanayambe kumvetsa chimene chimachititsa zotere.

Chimene chidawatsegula maso ndi mofini, mankhwala amphamvu aja amene mwaphunzira, ochokera ku chomera chotchedwa poppy. M'chaka cha 1973, Candace Pert ndi Solomon Snyder a ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America adapeza kuti muubongo muli timalo timene mofini amakakhalapo kuti agwire ntchito. Funso lidali lakuti: ubongo wa munthu ukhala bwanji ndi loko amene kiyi wake ali m'chomera? Ndiye kuti thupi lili ndi kiyi wakewake. Mu 1975, John Hughes ndi Hans Kosterlitz a ku Aberdeen ku Scotland adamupeza kiyiyo: mankhwala amene ubongo umapanga wokha, ogwira ntchito mofanana ndi mofini. Lero timawatchula kuti ma endorphin.

Tsono mankhwalawa amatuluka liti? Apa mutchere khutu, chifukwa ndi pamene pagona ntchito yanu.

Choyamba, amatuluka munthu akakhala ndi chikhulupiriro chakuti athandizidwa. Mu 1978, ku San Francisco, Jon Levine, Newton Gordon ndi Howard Fields adayesa anthu amene adali atangozulidwa mano. Ena adawabaya jakisoni wopanda mankhwala, komabe ena mwa iwo adamva ululu ukuchepa. Atawapatsa naloxone, mankhwala otsekereza mphamvu ya mofini, ululu uja udabwerera. Apa zidaoneka kuti chiyembekezo chokha chidachititsa ubongo kutulutsa mankhwala ake. Sindikuti muzinamiza odwala, ayi. Ndikuti mmene mwalowera m'nyumba ndi mbali ya chithandizo. Odirani, lowani modekha, khalani pansi kuti maso anu ndi ake alingane. Mutchuleni dzina lake kapena mfunda wake. Mufunseni pamene pakupweteka, ndipo akamayankha musamudule mawu. Wodwala amene ali yekha mumdima, osadziwa chimene chikumudya, ululu wake umakula, chifukwa mantha amakuza ululu. Amene wafotokozeredwa zoona mwachifundo amayamba kupuma bwino mankhwala asanafike n'komwe.

Chachiwiri ndi dzanja lanu. Mwana akagwa n'kudzipweteka bondo, mayi amamunyamula n'kusisita pamalopo, mwana uja n'kutonthola. Mu 1965, Ronald Melzack ndi Patrick Wall adafotokoza chifukwa chake: mauthenga a kukhudza ndi kusisita amatchingira ena mwa mauthenga a ululu mumsana asanafike kuubongo. Choncho musapeputse kusisita msana ndi mafuta, kuthowa ndi kansalu kofunda, kutembenuza wodwala amene wagonera mbali imodzi, ngakhale kungomugwira dzanja. Pa chifukwa chofanana ndi chimenechi, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kuti mayi pobereka azikhala ndi munthu amene wamusankha yekha womudikirira, pakuti amayi otere kawirikawiri safuna mankhwala ambiri a ululu.

Chachitatu ndi kuchitira zinthu limodzi. Ku yunivesite ya Oxford, Robin Dunbar ndi anzake adayesa anyamata opalasa bwato. Akapalasa aliyense payekha, mphamvu yawo yopirira ululu imakwera. Akapalasa limodzi mogwirizana, imakwera kuwirikiza kawiri. Adapezanso kuti kuseka kwenikweni, kochokera m'mimba, kumachita chimodzimodzi, ndiponso kuti kuimba, kuvina ndi kuomba ng'oma kumaposa kungokhala n'kumamvetsera. Ife a kuno zimenezi tidakulira momwemo. Amayi posinja amaimba, asodzi pokoka khoka amaimba, pamaliro timachezera ndi nyimbo mpaka mbandakucha. Ndiye ngati wodwala wanu adali wa kwaya kapena wa chigwirizano, itanani anzake awiri atatu adzaimbe naye, iyenso aziyankhira monga angathere. Ngati angathe kuyenda, mugwireni mkono mutuluke naye panja akaothere dzuwa. Adzukulu asathamangitsidwe m'nyumba ya wodwala ngati matendawo si opatsirana. Kuseka kwawo n'kofunika.

Pano ndichenjeze mwamphamvu. Zonsezi n'zothandizira mankhwala, sizilowa m'malo mwake. Ululu ndi chizindikiro. Munthu amene wayamba kumva kupweteka kwachilendo pachifuwa, m'mimba kapena m'mutu, mwana amene watentha thupi, mayi woyembekezera amene akutaya magazi, musawasisite n'kumayembekezera. Thamangirani nawo kuchipatala. Mu 1986, WHO idaika ndondomeko yochepetsera ululu wa khansa mwa masitepe: kuyamba ndi mankhwala ngati panado, kukwera pang'onopang'ono mpaka mofini, ndipo mankhwalawo azimwedwa panthawi yake, osadikira kuti ululu uyambe wafika povuta. Kuno kwathu chithandizo chotere chilipo, monga ku Tiyanjane pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Ndi Moyo ku Salima. Munthu wa khansa asamauzidwe kuti "limbani mtima" pamene mankhwala alipo. Ndipo mofini woperekedwa ndi dokotala si jakisoni wopha, monga ena amanenera m'midzimu.

Mphekesera zoterezi n'zimene zikundifikitsa ku mbali yachiwiri ya ntchito yanu. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma odwala anu ambiri sangathe kudzuka n'kukatsekula chitsekocho. Sangapite pabwalo kukanena kuti achibale adawasala, kuti akunamiziridwa ufiti, kuti njinga yowatengera kuchipatala idathyoka. Pakamwa pawo ndinu. Mukakhala chete chifukwa cha manyazi, iwo avutika mwakachetechete.

Mantha olankhula pagulu si matenda, ndipo si chizindikiro chakuti ndinu osaphunzira. Dzina lanu likatchulidwa, thupi limatulutsa mankhwala ena otchedwa adrenaline. Mtima umagunda mofulumira, kukhosi kumauma, m'manja mumatuluka thukuta, pepala limene mwagwira limanjenjemera. Thupi likukukonzekeretsani kuchita chinthu chachikulu. Ngakhale Mose wa m'Baibulo adadandaula kuti sadziwa kulankhula, koma adakaima pamaso pa Farao.

Tili ndi chitsanzo cha mwana wathu. William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo ali ndi zaka 14. Mu 2007 adamuitanira ku msonkhano waukulu wa TED ku Arusha m'dziko la Tanzania. Ataima pansanja, mantha adamugwira, Chingerezi chidamuthawa, adangoyankha mafunso ndi mawu ochepa. Komabe anthu adamuombera m'manja, chifukwa chimene amanena chidali choona ndipo adachichita ndi manja ake. Mu 2009 adaimanso pamsonkhano womwewo ku Oxford, n'kufotokoza nkhani yake yonse bwinobwino. Chidamuimika poyamba ndi choonadi cha nkhani yake. Luso lidabwera ndi kuzolowera.

Ndiye mukadziwa kuti mawa mukalankhula, chitani izi. Sankhani mfundo zosaposa zitatu, ndipo muzinene mokweza madzulo ake, pamaso pa mkazi wanu, mwamuna wanu kapena mnzanu. Zoganiza mumtima zokha zimathawa ukaimirira. Zimene pakamwa padazitchulapo kale zimabwera zokha. Chiganizo choyamba muchiloweze pamtima. Tsikulo fikani msanga, ndipo ngati n'kotheka yendani wapansi mwachangu, pakuti kuyenda kumatulutsa ma endorphin aja. Perekani moni kwa anthu mmodzimmodzi akamafika, kuti mukadzaimirira muone nkhope zodziwika.

Nthawi yanu ikayandikira, kokerani mpweya m'mphuno pang'onopang'ono mpaka mimba itukuke, kenaka muutulutse pakamwa kwa nthawi yotalikirapo kuposa imene munaukokera. Kutulutsa mpweya mwachifatse kumachepetsa kugunda kwa mtima. Ndi kapumidwe komweko kamene mudzaphunzitse wodwala pamene mukutsuka chilonda chake. Ndipo musalimbane ndi kugunda kwa mtimako. Alison Wood Brooks wa ku Harvard adapeza mu 2014 kuti anthu amene amadziuza kuti ali ndi chidwi ndi chisangalalo asanalankhule amalankhula bwino kuposa amene amadzikakamiza kukhala phee. Mtima ukamagunda, dziuzeni kuti: thupi langa lakonzeka.

Mwambo wathunso umatithandiza. Sitiyamba nkhani tisanalemekeze mafumu ndi akuluakulu. Pamene mukuwatchula mmodzimmodzi, mawu anu akupeza njira, mpweya ukukhazikika, khamu likutchera khutu. Musathamange pamenepo. Ngati malowo alola, yambitsani nyimbo yodziwika, anthu avomere ndi kuomba m'manja. Mukamadzayamba kulankhula mudzakhala muli pakati pa anzanu oimba nawo. Pondani pansi ndi mapazi onse awiri. Lankhulani kuti gogo amene wakhala kumbuyo amve. Mawu akakuthawani, imani, pumani, yang'anani pepala lanu. Anthu adzayesa mukutsindika mfundo. Wina akafunsa chimene simukuchidziwa, muuzeni kuti mukafunsa kwa alangizi kapena anamwino, ndipo mukafunsedi n'kubweretsa yankho. Chimodzi chokha ndikuletseni: musamwe mowa kuti muchotse manyazi. Mowa umachotsa manyazi pamodzi ndi ulemu, ndipo mudzi sudzakukhulupiriraninso pa nkhani za odwala ake.

Ndisanakhale pansi, ndili ndi mapempho. Kwa inu a Gogo Chalo ndi mafumu onse, apatseni mpata anthuwa pamisonkhano yanu, osati kumapeto anthu atayamba kubalalika, koma nkhani zikadali zotentha. Mukawaimika pambali panu n'kunena kuti "awa ndi anthu anga," mwawachotsera theka la mantha. Kwa atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, mphindi zochepa pa nthawi ya zolengeza zingapulumutse munthu amene akubisidwa m'nyumba. Kwa a zaumoyo, alandireni bwino akabwera ndi wodwala, muziwayendera, ndipo onetsetsani kuti magolovesi, sopo ndi mankhwala a ululu zisamasowe. Munthu wodzipereka akamabwerera kumudzi chimanjamanja kawirikawiri, mawu ake amatha mphamvu.

Kwa inu eni tsiku, dzisamalireni nanunso. Mudzaona zowawa, ndipo ena mwa odwala anu mudzawaperekeza kumanda. Mutu umodzi susenza denga: muzikumana, muziuzana zimene mwakumana nazo, muziimba ndi kuseka limodzi. Muziyeserera kulankhula pamaso pa anzanu, ndipo amene ali wamanyazi kwambiri ndiye muzimupatsa mpata woyamba. Sabata ino isathe musanayendere wodwala mmodzi ndi kupempha mfumu yanu tsiku loti mukalankhule pabwalo.

Ndi mawu amenewa, ndi ulemu wanga kulengeza kuti maphunziro a osamalira odwala m'makomo atsekedwa, ndipo ntchito yayambika.

Mulungu akudalitseni nonse, adalitsenso dziko lathu la Malawi.