MLANDU WA MBALE YA WITCH

Usiku uno ndabwera ndi mlandu umene sunathe kwathu ku Chama, ngakhale papita zaka zoposa makumi anai. Mlanduwo ndi wa mbale imodzi ya nyimbo.

Mkulu wanga anali kugwira nchito pa mgodi ku Kitwe. Pobwera ku chuti anali kutenga galamafoni ya mabatire ndi mbale zace, ndipo anthu atatha kumweta mpunga anali kusonkhana pabwalo pathu kudzamvera. Mbale imene anaikonda koposa inali Lazy Bones!! ya caka ca 1975, yoimbidwa ndi anyamata a ku Kitwe komweko, a gulu la WITCH. Dzinali ndi cidule ca mau a Cingelezi otanthauza kuti iwo anadzera kusokoneza, ndipo anasokonezadi. Gitala wa Chris Mbewe anali kupyola m'kabokosi kopondedwa ndi phazi, kamene oimba amati fuzz, nalira mosasa mau monga sowo yoceka mukwa. Boidi Sinkala anali kumenya ng'oma ngati munthu wokwiya. Patsogolo panali Emmanuel Chanda, amene anzace anampatsa dzina la Jagari cifukwa ca kudumpha kwace konga kwa Mick Jagger. Agogo athu anatseka makutu, koma sanacoke pabwalo.

Tsono m'caka ca 1980 gululo linaturutsa mbale yina, Movin' On. Mkulu wanga anaigula, nabwera nayo mokondwa. Ataiika pa galamafoni tinamva zina: gitala wofatsa, limba lamagetsi la Patrick Mwondela liri patsogolo, mau osalala, ndi mayendedwe a disiko. Jagari munalibe, pakuti anali atacoka kukaphunzira zauphunzitsi. Mbali imodzi itatha, mkulu wanga anati, "Awa si WITCH ai," naibisa pansi pa kama. Alongo athu ndiwo anali kuituruka nayo iye akapita kumunda.

Dandaulo lotere si la ku Chama kokha. Ku Sheffield, mzinda wa zitsulo ku England, kuli gulu la Bring Me the Horizon, limene linayamba ndi nyimbo zaukali kwambiri, zokuwa ndi kukhosi. Pamene linafewetsa mau m'mbale ya That's the Spirit mu 2015, ena mwa olikonda akale ananena mau omwewo a mkulu wanga.

Koma tiyeni tiweruze bwino, pakuti munthu saweruza nyumba ali panja. Kumbukirani m'mene dziko linaliri. WITCH inakula pamene mkuwa unali ndi mtengo, ndipo mnyamata wa pa mgodi anali ndi ndalama ya mbale ndi ya pakhomo pa holo. Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo ndi Teal Record Company ku Ndola zinali kuturutsa mbale za ana a dziko lino, ndipo Dr. Kaunda analamula kuti nyimbo zambiri za pa wailesi zikhale za Zambia. Kuyambira 1975 mtengo wa mkuwa unagwa. M'caka ca 1978 ndege za Rhodesia zinaponya mabomba pafupi ndi Lusaka, ndipo panabwera lamulo loletsa kuyenda usiku. Nanga woimba adya ciani usiku utatsekedwa? Pamwamba pa izi, mwini bala anaona kuti munthu mmodzi wokhala ndi mbale za disiko ngwochipa kupambana amuna asanu ndi zipangizo zao. Anyamata aja anali ndi akazi ndi ana. Akanaumirira kubangula kwa 1975, mwina gulu likanathera pomwepo. M'malo mwace linakhala ndi moyo kufikira mbale ya Kuomboka mu 1984.

Ndisabise, pa cinthu cimodzi mkulu wanga ananena zoona. Mau a Jagari anasowadi, ndipo nyimbo zina za Movin' On munthu angaziyese za ku America. Cimene ndikana ndico kunena kuti kufewa kumeneku kunali mantha kapena ulesi. Poimba mwaphokoso colakwa cimabisika m'phokosomo, koma poimba mofatsa ciri conse ciri poyera, ndipo m'mbale imeneyo manja ao sanaterereke.

Anzace onse a Jagari a gulu loyamba anamwalira, ndipo iye anakhala zaka zambiri akukumba miyala ya mtengo wapatali, monga mmodzi wa inu. Mu 2012 kampani ya Now-Again ku America inasindikizanso mbale zakale, dziko lakunja nilidzidzimuka. Mu 2023 kunaturuka Zango, mbale yoyamba patapita zaka 39. M'menemo Jagari wa masiku aukali ndi Mwondela wa masiku ofatsa ali pamodzi, gitala wosasa uja alikulira pambali pa limba, ndipo Sampa the Great, amene anali asanabadwe pa nthawi ya mlandu wathu, aimbamo nao.

Ndinapita nayo Zango ku Chama pa lamya yanga ya m'manja. Mkulu wanga, amene tsopano amva ndi khutu limodzi, anamvera kufikira kumapeto, nati, "Gitala wabwerera, koma limba lija alicepetseko." Mbale ya 1980 ikali pansi pa kama.