Nzeru za Mmisiri Zisathere M'mutu

Mlimi wa fodya ku Kasungu amadziŵa kuti balani silimangidwa mwachisawawa. Akaonjezera mikangala, khoma liyenera kukwera, ndipo ng'anjo ndi mapaipi a moto ziyenera kusinthanso. Apo ayi fodya amapserera mbali imodzi, nkhuni n'kuthera pachabe.

Akatswiri ojambula mapulani masiku ano amasunga malamulo otere m'kompyuta. M'chaka cha 2007 David Rutten anatulutsa pulogalamu imene tsopano imatchedwa Grasshopper, yogwira ntchito pamodzi ndi Rhino. M'menemo katswiri amalumikiza timabokosi ndi timizere, ndipo akasintha muyeso umodzi, chithunzi chonse cha nyumba chimasintha chokha.

Koma timabokosi tikafika mazana, mlendo amasokonezeka, ngakhalenso mwini wake pakapita miyezi. N'chifukwa chake papangidwa mapulogalamu ena oŵerenga fayilo yotere, amene amalondola mzere uliwonse n'kulemba m'mawu kuti muyeso wakuti ukulamulira chiyani, ndiponso kuti bokosi lakuti langokhala losalumikizidwa.

Mmisiri wa mabalani akamwalira asanaphunzitse mwana, mudzi umayambanso kuwononga fodya poyesayesa. Nzeru yolembedwa ndiyo imatsalira ana.