WODWALA ASAMWE MANKHWALA ALI YEKHA

 Madzulo ano sindilankhula ndi wodwala ai, koma ndi inu amene mukhala naye m'nyumba: mkazi wace, mwamuna wace, kapena mphwace.

Munthu akapezeka ndi cifuwa cacikuru ca TB, kaya ndi ku Minga kaya pa cipatala ca boma ku Nyimba, apatsidwa mankhwala a miyezi 6. Miyezi iwiri yoyamba amwa mitundu inai, ndipo miyezi inai yotsalayo amwa mitundu iwiri. Tsono bvuto liri apa. Ikapita milungu yowerengeka kutsokomola kucepa, thukuta la usiku lileka, munthu ayamba kumaliza nsima yace, nanena mumtima mwace, "Ndacira." Sanacire konse. Tizirombo tambiri tafa ndithu, koma tina tikali moyo m'mapapo. Akaleka mankhwala tiswananso, ndipo nthawi zina tibwera titalimba kotero kuti mankhwala aja satipha. Pamenepo ana amene agona naye m'nyumba imodzi angathe kutenga cifuwa cobvuta kuciza comweco.

Nanga inu mungacite ciani? Khalani pomwepo pamene ali kumwa. Musangofunsa muli panja kuti, "Kodi mwamwa?" pakuti munthu wotopa ndi mapiritsi adzati inde kuti mumleke. Mtungireni madzi, muone ndi maso anu kuti wameza, ndipo mulembe cizindikiro pa khadi lace la ku cipatala. Sankhani nthawi imodzi yosasintha, monga m'mamawa musananyamule khasu. Akuru ena amaipidwa poyang'aniridwa ndi mwana. Ngati ndi tero, pemphani munthu amene iwo amamlemekeza. Kudzudzula sikuthandiza kweni-kweni, cifukwa wodzudzulidwa amaphunzira kubisa mapiritsi pansi pa mphasa.

Mumuuzenso zimene adzaona. Mankhwala amodzi, dzina lace rifampicin, amafiiritsa mkodzo. Si mwazi umenewo, ndipo asaope. Koma maso akasanduka acikasu, kapena akamasanza kosaleka, kapena akayamba kuona mwa cimbuuzi, pitani naye ku cipatala tsiku lomwelo. Musati mukhale cete pa mudzi.

Ambiri saleka mankhwala mwa dala. Cowalepheretsa ndi mtunda. Wokhala pafupi ndi mseu waukuru wa ku Lusaka akwera basi. Koma wa kwa Luembe kapena kwa Nyalugwe, ku cigwa ca Luangwa, mvula ikagwa mitsinje nidzala, angathe kukhala masiku ambiri wosaoloka. Cifukwa cace werengani mapiritsi sabata iri yonse, ndipo mupite kukatenga ena akali otsala. Dzinja lisanafike fotokozerani anamwino za njira yanu, kuti mupangane pamodzi cocita.

Anansi athu a ku Tete, tsidya la malire, anapeza nzeru pa nkhani imeneyi ya mtunda. M'caka ca 2008 anthu akumwa ma ARV kumeneko, mothandizidwa ndi madotolo a Médecins Sans Frontières, anayamba kupanga timagulu ta anthu osaposa 6. Mwezi uli wonse mmodzi ankapita ku cipatala kukatengera onse, mosinthana, ndipo pokumana ankawerengerana mapiritsi. Ulendo unapepuka, komanso wofooka mtima anali ndi anzace omfunsa. Njira imeneyi inafikanso kuno ku Zambia. Funsani pa cipatala canu ngati mungalowe m'gulu lotere.

Mau amodzi kwa amai pa za malungo. Coartem amwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, pamodzi ndi cakudya, monga phala la nsinjiro kapena mkaka. Mwana akayamba kusewera tsiku laciwiri, musasunge otsalawo kuti adzamwe mkuru wace akadzadwala. Anawerengedwa molingana ndi kulemera kwa mwana ameneyo, ndipo amalize onse.